Foni ija ya paphiri ku Ntchisi

Mayi Chimwaza, lero ndadutsa pa nsanja ya netiweki ija ya ku Ntchisi, ndipo mtima sukukhazikika. Patha zaka zitatu chitisiyireni. Ndakumbuka tsiku lija ndinalumikiza mawaya molakwika, midzi yonse mpaka ku Msakambewa n'kukhala yopanda netiweki. Akuluakulu a kampani anakuimbirani tili paphiri pomwepo, ndipo ndinawamva akufunsa kuti, "Wachita zimenezi ndani?" Inu munati, "Gululi ndimatsogolera ndine, funsani ine." Mutadula foni munagwira waya umodzi n'kunena kuti, "Tiyeni achimwene, mundionetse pomwe munayambira." Simunakweze mawu.

Pano pampando wanu paja ndakhalapo ndine. Makina ndimawadziwa, koma zimene munachita tsiku lija sindinaziphunzire. Sabata yatha Tadala, amene tangomulemba kumene ntchito, anafufuta mafayilo mwangozi. Akuluakulu atandifunsa, ndinatchula dzina lake msangamsanga, mwiniwake ali pomwepo. Kuyambira tsikulo sandiyang'ananso kumaso, ndipo ndikalowa mu ofesi ndimamva ngati mwaima kumbuyo kwanga. Mawa ndikamupepesa pamaso pa anzake onse. Gonani bwino, mayi. Ine tulo ndidzapeza ndikatero.