Penate Imene Ndinagwira ku Nkaneng

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene bambo anga anabwera koyamba kudzandionerera ndikusewera mpira. Tinkakhala ku Nkaneng, kutali ndi kwathu ku Malawi, m'kanyumba ka malata, ndipo bambo ankagwira ntchito ya kontirakiti pa mgodi. Lamlungu lawo linkathera pa foni ndi pa timapepala tobetchera mpira wa ku Ulaya, moti mpira wathu wa m'fumbi sankauwerengera n'komwe.

Timu yathu ya ana a Chimalawi ankaiphunzitsa a Namakhwa, mkulu wa ku Thyolo amene anakalambira mu mgodi, mtchona weniweni. Akathamanga pang'ono chifuwa chawo chinkalira ngati wezulo. Tikamapuma ankatifotokozera kuti kale mabwana a migodi ndiwo ankagula mipira, pofuna kuti anthu a m'komponi azitopa Lamlungu, asamaganize za malipiro.

"Kubetcha kunalipo ngakhale nthawi imeneyo, tinkabetcherana fodya," ankatero. "Koma wobetchetsa anthu ankabisala kuseri kwa zimbudzi. Lero dzina lake lili pachifuwa pa osewera."

Tsikulo tinkasewera ndi anyamata a ku Bapong, ataliatali, ena ndevu zitayamba kale kumera. Ine ndinali pagolo. Nditaona bambo ataima pakati pa azibambo ena m'mbali mwa bwalo, atavala chipewa chawo cha kutchalitchi, ndinasangalala kwambiri. Ndinadziponya pa miyala mpaka zigongono zinasupuka, fumbi lochokera ku milu ya mgodi likukukutika m'mano, koma ululu sindinaumve. Ndinkangofuna kuti bambo aloze chala n'kuuza anzawo kuti uyo ndi mwana wanga.

Mpira uli pafupi kutha, ife tikutsogola ndi chigoli chimodzi, woimbira anapereka penate kwa a ku Bapong. Ndinagwera kumanzere, mpira unandimenya pamimba, ndipo ndinaukumbatira. Anzanga anandiunjikira akukuwa. Ine ndinasuzumira pakati pa miyendo yawo kufunafuna bambo.

Anali ataponya chipewa pansi, manja ali kumutu. Mnzawo wina wa Chitswana ankawaseka, atawatambasulira dzanja kuti amupatse ndalama zimene anabetcherana.

Pobwerera kunyumba sanandiyang'ane. Anayankhula titafika pokwerera matakisi.

"Eish, mfana, wandionongera tsiku. Ine ndimayesa a Bapong aja akuswani. Sukanangousiya umodzi wokhawo?"

Ananena mosakwiya, ngati munthu wodandaula za mvula, ndipo chimenecho ndicho chimandinyansa mpaka lero. Munthu wamkulu kusamba, kuvala chipewa cha kutchalitchi, n'kupita kukadikira kuti mwana wake agonje! Nthawi yonse imene ndinkadzigwetsa pa miyala ija, iwo ankalakalaka nditaphonya.

A Namakhwa nkhaniyi anaimva, poti ku Nkaneng zipupa n'zamalata. Titakumananso pabwalo sanawanyoze bambo. Anangondimanga kansalu pa chigongono n'kunena kuti, "Mwanawe, usadabwe. Munthu akabetcha sakuonanso iwe, akuona kapepala kake. Pita pagolo."

Ndinapita, ndipo ndinasewera zaka zambiri, koma sindinawaitanenso bambo ku mpira. Nawonso sanafunse chifukwa chake.

Lero mwana wanga wamkazi ndi amene amagwira pagolo ku Photsaneng. Kuseri kwa golo lake kuli chikwangwani chachikulu cha kampani ya juga, chokhala ndi nkhope za anthu akumwetulira. Azibambo amaima m'mbali mwa bwalo maso ali pa foni, ana awo akugwa n'kudzuka popanda wowaona. Ndalama zimene bambo anataya tsiku lija ndinaziiwala kalekale. Chimene ndikumvetsa tsopano n'chakuti juga inatenga munthu amene ndinkamusewerera n'kumuimika kumbali ya adani anga.

Ndiye foni ndimaisiya kunyumba. Mwana wanga akagwira mpira n'kutembenuka kundifuna, amandipeza ndikumuyang'ana.