Khoswe womaliza wa apusi

Mphaka wathu analibe dzina. Amayi ankangomutchula kuti apusi, ndipo ankalankhula naye mwaulemu umene ine mwana wawo wobereka sindinaulandirepo. "Apusi, tasunthani pamenepo, mupsa." Ine ndinali iwe basi.

Anabwera naye kuchokera kwa azakhali ku Chidzolomondo, chaka chimene abambo anamwalira. Anali kamwana kokwana m'manja, kali m'dengu lovundikira ndi nsalu ya kapulana, ndipo akuti kanalira njira yonse mpaka kufika kwathu ku Ntengo-Wambalame. Ine nthawi imeneyo n'kuti ndili kubanja. Ukwati utatha ndinabwerera kwa amayi katundu ali pamutu, n'kupeza malo anga a pamphasa ali ndi mwini wake kale. Tinakhala atatu choncho, ndipo wotsiriza pa ulemu ndinali ine.

Akadali ndi mphamvu anali mlenje, zimenezo sindingakane. Koma zaka khumi ndi zisanu si masewera kwa mphaka. Mano anatsala owerengeka. Ubweya wa mbali imodzi unawauka chifukwa chogona m'phulusa, poti chisanu cha ku Tsangano sichisankha munthu kapena chiweto. Amayi ankamusinjira kapenta mu kamtondo n'kumuikira m'mbale yakeyake. Makoswe ankadutsa pamphuno pake penipeni, iye n'kungotsegula diso limodzi, kuwayang'ana, n'kulitsekanso.

Ndiye makoswewo anatizolowera. Mbewu yathu ya chimanga ndi nyemba tinkaisunga m'matumba m'kachipinda ka kuseri. M'mawa uliwonse ndinkasesa zimene atafuna, ndinkasoka thumba, mawa lake n'kupeza aboola pena. Kumunda ndine, kumadzi ndine, kuchigayo ndine, tsopano ndakhalanso wosokerera makoswe. Ndinatopa. Ndipo mbewu imeneyo ikanatha panalibe woti n'kutipatsa ina. Mvula ikanagwa ife tikanangoonerera anzathu akudzala.

"Amayi, tikapemphe kamwana ka mphaka kwa anzathu akumtundawa," ndinatero tsiku lina.

"Ukabweretsa wamng'ono, wamkulu amachoka. Ufuna akafere kutchire?"

"Nanga mankhwala a makoswe?"

"Nada. M'nyumba ya mphaka simulowa veneno, mankhwala akupha."

Anayankha osandiyang'ana n'komwe, akukanda apusi awo kukhosi. Nkhani inathera pomwepo. Paja amati khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Ndinapirira milungu iwiri. Thumba limodzi la nyemba litafika pakati, ndinapita kumsika ku Tsangano kukagulitsa mbatatesi, ndipo pobwerera ndinali ndi kapepala kopindapinda ka mankhwala a makoswe nditamanga pansonga ya kapulana. Ndinaganiza zonse bwinobwino, ndinadzionadi wochenjera. Ndinasakaniza mankhwalawo ndi nsinjiro pa phale, n'kukwera pa mtondo, n'kuika phalelo pamwamba pa khoma, pansi pa denga. Mphakayo anali atasiya kalekale kukwera ngakhale pampando. Kumeneko sakanafikako. Chimene sindinachiganize n'chakuti khoswe akadya amatsika.

Linali tsiku lachitatu chiikireni phale lija, dzuwa lili paliwombo. Ndinkachokera kumadzi, ndowa ili pamutu, amayi ali pakhonde akusankha mbatatesi zowola. Mphaka anatulukira kuseri kwa nyumba akukoka khoswe wamkulu, mbali ya kumimba atadya kale. Ankayenda mchira uli m'mwamba, mayendedwe amene ndinali nditawaiwala. Anafika n'kumuika pamapazi pa amayi.

Amayi anamuyang'ana khosweyo nthawi yaitali ndithu. Kenako anaomba m'manja.

"Taonani, taonani! Ena amati apusi atha ntchito. Zikomo apusi, mwachita bwino."

Ine madzi ankandidonthera kumsana, osatha kutula ndowa. Nditatula, ndinatenga khasu n'kukakwirira chotsalacho kutali. Ndinaswa dzira laliwisi n'kumupatsa mphakayo mobisa kukhitchini, poti ndinamvapo kuti limathandiza. Ananyambita kawiri n'kusiya.

Dzuwa lisanalowe anayamba kusanza. Mawa lake sanadzuke m'phulusa muja. Amayi anamunyamula n'kukhala naye padzuwa, ali pamiyendo pawo, akumudonthezera madzi ndi chala. Ine ndinapita kumunda, ndinene zoona, ndinathawa. Ndinakhala pamzere osalima chilichonse. Pobwerako ndinapeza amukulunga kale mu kapulana yawo yakale, yomwe ija anabwera nayo.

Tinamuika pansi pa mtengo wa mapichesi kuseri kwa nyumba. Dzenje ndinakumba ndine. Amayi sanalire. Kwa azimayi anzawo a kutchalitchi ankangonena kuti, "Apusi afa ali pantchito." Akatero ine ndinkayang'ana pansi. Phale lija ndinalitsitsa amayi ali kumapemphero, n'kukaliponya m'chimbudzi.

M'nyumba munakhala zii. Makoswe anatha, thumba sindinasokenso. Koma amayi ankati akamaphika, dzanja linkapita lokha kukapatula kapenta pambali, kenako n'kumubwezera m'poto. Ankadzuka mochedwa. Pamoto ankasiyabe mpata kumanzere kwawo, ine osayerekeza kukhalapo. Kangapo konse ndinakonza mawu oti ndiwauze, koma sindinawanene. Ndinkaopa kuti akadziwa, ndikhala m'nyumba imodzi ndi munthu amene sangandiyang'anenso kumaso, ndipo kwina koti n'kupita ndinalibe. Ndinkamusowanso mphakayo, ine yemwe amene ndinkamunyoza.

Mvula yoyamba itagwa tinapita kukadzala. Ine ndinkatsogola ndi khasu kukumba mapando, amayi pambuyo akuponya chimanga n'kukwirira ndi phazi. Mbewu inakwana munda wonse, ina n'kutsalako. Titatsala pang'ono kumaliza, ndinamva akulankhula kumbuyo kwanga, mawu ake ngati akunena za mtengo wa mchere.

"Khoswe wabwinobwino sakanamugwira uja. Ndinadziwa atangomuika pamapazi panga."

Ndinaima, khasu lili m'mwamba.

"Ndiye bwanji munaomba m'manja?"

"Anali atadya kale. Ndikanatani? Ndimukalipire pa khoswe wake womaliza?" Anaponya njere zitatu n'kuponda. "Koma unamuona mmene ankayendera?"

"Ndinamuona, amayi."

Ndinadikira kuti anene zina, kuti anditukwane kaya andithamangitse. Anangopukuta nkhope ndi nsonga ya kapulana n'kuloza mzere umene unatsala.

"Kumba iwe. Mbewuyi yatidyera zambiri, isaumire m'manja."