Kagalimoto ka a Mawaya

A Mawaya, malume anga, ndi mmisiri wowotcherera zitsulo amene anansi amawalemekeza geti likathyoka, n'kumawaseka likakonzedwa. Anawaseka koposa pa zaka zinayi zimene ankapanga kagalimoto kamagetsi ka mipando iwiri kuseri kwa shedi yawo.

"Achimwene, kameneka kazinyamula anthu, kapena anthu ndiwo azikanyamula?" ankatero telala woyandikana nawo.

Ine ndinaphunzira uinjiniya, choncho ndikunena zimene ndinayeza ndekha. Mota malume anaichotsa m'makina akale onyamulira katundu m'fakitale. Mabatire anawayala pansi penipeni, kunsi kwa mipando. Analibe kompyuta, ankakweza tayala lililonse pa sikelo yoyezera matumba, n'kumasuntha batire limodzilimodzi mpaka kulemera kutafanana pa matayala onse anayi. Kankafika liwiro la makilomita 80 pa ola m'masekondi asanu ndi anayi, ndipo pokhota sikankaterereka.

Chimene ankafuna chinali chimodzi: dzina lawo liwerengedwe pambali pa kagalimotoko pa chionetsero cha koleji imene ndinaphunzirako. Lamulo linali lakuti mapulani ake asainidwe ndi munthu wa digiri. Ndinasaina ine, ndipo kanakagona kukoleji masiku atatu.

M'masiku amenewo mkulu wa chionetsero anadandaula kuti alendo sadzawaona mabatire. Analamula ophunzira kuti awazule onse, awaunjike kumbuyo m'bokosi lagalasi. Pachikwangwani analembapo dzina la dipatimenti ya uinjiniya, osati la malume.

Tsiku litakwana, mlonda anawaimitsa malume pakhomo.

"Khadi, bambo."

"Khadi yanji? Galimoto ili m'katimo ndi yanga."

"Aliyense ali ndi chake m'katimo. Taimani uko, mukutseka njira."

Ndinathamangira m'kati kukawapemphera chilolezo, koma woyendetsa amene koleji inamusankha kuti aonetse kagalimotoko anali atanyamuka nako kale. Malume anaonera pampata wa mpanda. Ataona bokosi lagalasi lija anakuwa kuti, "Kalemera kumbuyo! Asakhote mothamanga!" Zokuzira mawu zinali kuimba nyimbo. Pakona yoyamba mbuyo inapitirira kutsogolo, kagalimoto kanazungulira n'kukamenya khoma. Woyendetsa anatuluka wosavulala, koma chitsulo chapansi chinapindika moti sichingawongokenso.

Lipoti la koleji, limene ndili nalo, likuti ngoziyo inachitika chifukwa cha "kapangidwe ka mmisiri wosapita kusukulu". Pamenepo ndiye dzina lawo analilemba lonse, osalakwitsa ngakhale chilembo chimodzi. Ndinatumiza kalata yotsutsa ya masamba asanu, masamu ake ali momwemo. Mpaka lero sanayankhe.

Malume anabwerera ku mageti ndi mawindo. Tsiku limene ndinawawerengera lipotilo anazimitsa makina, anapukuta manja pa ovolosi, nati:

"Mphwanga, pamene kankayenda kanali kawo. Kaphwanyika, ndiye akumbukira kuti kali ndi mwiniwake. Ukawauze asavutike n'kukabweza kuno, ndilibe pokasungira."