Achemwali Anaima Pakhomo ndi Mthiko M'manja

Kwathu ku Mkhumba tinabadwa atsikana awiri otsatizana. Achemwali anga ndiwo anayamba sukulu. Ine ndinawapeza mu Sitandade 2 akubwereza, ndipo ndinawasiya momwemo. Nyimbo ankaloweza msanga kuposa tonse, koma aphunzitsi akawaloza kuti awerenge pa bolodi ankangoima. Kunyumba ankandinong'oneza kuti zilembo zimawatembenukira, kuti b ndi d kwa iwo n'chinthu chimodzi. Aphunzitsi ankawatcha mbutuma, ifenso ana tinatengera dzinalo.

Bambo atatopa anati, "Uyu mutu wake ndi wouma. Azikapirikitsa mbalame ku mpunga." Yunifolomu yawo amayi anaipinda m'munsi n'kundiveka ine.

Ndinapitirira mpaka ku yunivesite, komwe lero ndimaphunzitsa za maphunziro a ana aang'ono, makamaka amene kuphunzira kumawavuta. Achemwali anakwatiwa kumudzi komweko. Amalima chimanga ndi nandolo, ndipo m'mawa amakaphikira ana phala pa sukulu ya mkombaphala ya kutchalitchi kwathu. Chitengereni digiri yanga anayamba kunditchula kuti inu. Ndinawapempha kuti aleke, iwo anangoseka.

Chaka chatha pa tchuthi ndinaitanidwa kukaphunzitsa alezi a sukulu za mkombaphala za dera lathu, ndipo maphunzirowo anachitikira pa tchalitchi pomwepo. Achemwali ndiwo ankatiphikira. Tsiku lina ndinkafotokoza za mwana amene amayankhula bwino, amaloweza nyimbo, koma zilembo zimamusokonekera. Ndinauza aleziwo kuti mwana wotere si waulesi kapena wopusa, ubongo wake umangogwira zilembo mwa njira ina, ndipo akathandizidwa msanga amawerenga. Phunziro limeneli ndaliphunzitsa kambirimbiri, moti mawu ankangotuluka okha. Nditatembenuka ndinaona achemwali ataima pakhomo, mthiko uli m'manja. Anabwera kudzatiuza kuti chakudya chapsa, koma anayamba kumvetsera. Anaima pomwepo mpaka ndinamaliza.

Pobwerera kunyumba anali patsogolo, atasenza poto. Tinadutsa minda ya chinangwa. Kenako anafunsa osacheuka.

"Mwana mumanena uja, wosokoneza zilembo, alipodi?"

"Alipo ambiri, achemwali."

"Ndiye kuti si uchitsiru?"

"Ayi, si uchitsiru."

Anayenda pang'ono n'kuima. Anatula poto pansi, n'kundiyang'ana.

"Inu zimenezi munazidziwa liti?"

Ndinazidziwa kalekale, ndili wophunzira. Tsiku limene ndinamva za vutoli m'kalasi ndinaganiza za iwo, ndipo ndinalira. Koma ndikabwera kumudzi ndinkawapeza otanganidwa ndi ana ndi minda, ndiye ndinkadziuza kuti kuyambitsa nkhaniyi n'kutokosa chilonda chopola. Ndinayesa kuwafotokozera zimenezi, mawu anga akumveka opepuka ngakhale kwa ine ndemwe.

"Sichinapole," anatero. "Bambo anamwalira akudziwa kuti anabereka mbutuma."

Sanakalipe. Anasenzanso poto uja, tinapitiriza ulendo. Tikuyandikira kunyumba anafunsa motsitsa mawu, "Nanga munthu woti wayamba imvi, zingathekebe?"

Ndinati zingatheke, ngakhale pang'onopang'ono.

Tinayamba mawa lake dzuwa litapendeka, kuseri kwa nyumba. Anathamangitsa adzukulu awo kuti asawaone. Ndinathira mchenga m'lichero kuti azilemba chilembo ndi chala uku akutchula liwu lake, monga timachitira ndi ana.  Akalakwitsa ankadzitukwana m'Chilomwe, chiyankhulo chimene amayi ankatikalipira nacho. Tsiku lina analemba "mayi" okha, n'kukhala akuyang'ana mawuwo nthawi yaitali. Anakana kuti ndifufute. Lichero analiika pamwamba pa kabati, ndipo tsiku limenelo anakabwereka lina lopetera.

Kenako tchuthi chinatha, ine n'kubwerera kutauni. Tinagwirizana zoti tizipitiriza pa foni Lamulungu lililonse. Poyamba zinkatheka. Mvula itagwa iwo anatanganidwa ndi kupalira, inenso misonkhano ndi ophunzira anga zinandipanikiza, Lamulungu lina n'kumadutsa osaimba. Ndinapempha mlezi wina wa pa mkombaphala paja kuti aziwathandiza, koma achemwali anakana.

"Mtsikana ameneyo ndinamubereka kumsana ali khanda. Andione ndikulephera a-e-i-o-u? Ndidikira inu."

Kuntchito ndimauzabe ophunzira anga kuti mwana asamachedwe kuthandizidwa. Iwo amalemba mawu anga mwachangu, ine n'kumayang'ana pawindo kufikira atamaliza.

Sabata yatha achemwali anandiimbira. Anandiuza kuti nandolo wachita bwino, ndiponso kuti kuchipatala anazindikira zilembo zitatu pa chitseko koma zinazo zinawathawa. Kenako anafunsa kuti ndibwera liti. Ndinati ndikamaliza kuchonga mayeso. Iwo anati, "Chabwino, mutipeza," ndipo anayamba kundifotokozera za mbuzi yawo imene yaswa ana awiri.