Bando ya Macheza ndi Malole a Che Saidi

Ntchito yanga yoyamba yolemba mapulogalamu a kompyuta inandipeza ndikutayipira anthu ena makalata ofunsira ntchito. Nditamaliza maphunziro ndinatopa ndi kukhala pakhomo ku Chimwankhunda, ndiye ndinapeza ganyu pa kashopu kosindikiza mapepala pafupi ndi msika wa Blantyre. Tsiku lina kunabwera bambo wina wowonda kudzasindikiza mapepala odzaza ndi khodi ya pulogalamu ya kompyuta. Poti pulinta yathu inali yaulesi, ndinayamba kuwerenga, kenaka ndinafunsa kuti chinali chilankhulo chanji, chifukwa kusukulu sitinachione.

"Haskell," anatero. "Mukufuna kuchidziwa kapena mukungofunsa?"

Amenewo anali a Chikopa, ndipo Lolemba lotsatira anakhala abwana anga.

Kunena kuti inali kampani ndi kuilemekeza chabe. Kanali kachipinda kuseri kwa nyumba yakale ku Sunnyside, matebulo awiri, ndi rauta imene tinkaiika pawindo kuti igwire netiweki. Kasitomala wotidyetsa anali mmodzi yekha, Che Saidi a ku Limbe, mwini malole onyamula simenti ndi feteleza. Pulogalamu yathu ndi imene inkagawa katundu m'malolewo m'mawa uliwonse. Che Saidi ankaikayikirabe, ndipo ankanena poyera kuti ikadzawachititsa manyazi adzabwerera ku choko ndi bolodi. Tonse tinkadziwa kuti zikatero ofesi yathu yatsekedwa.

Haskell inandizunguza mutu poyamba. Chilichonse chimamangidwa ndi mafankishoni, tizidutswa ta khodi timene ukatipatsa chinthu timakubwezera yankho, ndipo ukatipatsa chomwecho mawa, yankho limakhala lomwelo. A Chikopa ankabwereza mfundo imeneyi mpaka kundikwana. "Thoko, khodi iyi sisintha mtima ngati munthu. Ikakana, musathamangire kuikumba. Funsani chimene chasintha kunja kwake."

Ndiye kunabwera Lachisanu lija. Mayi awo a Chikopa anamwalira ku Mulanje, ndipo iwo ananyamuka m'mamawa ndi laputopu yawo. Anangondisiyira uthenga: "Bando ya intaneti ndaika kale mu rauta. Muyang'anire zonse." Ndisanamwe n'komwe tiyi, foni inalira.

"Achemwali, chinthu chanu chaima," anatero Che Saidi. "Madalaivala angokhala pansi. Malole akapanda kutuluka tisanapite ku mzikiti, basi, tasiyana."

Ndinawapempha kuti anditumizire maoda a tsikulo, ndipo vuto ndinalipeza msanga. Fankishoni yogawa katundu inkatenga oda imodzi pamzere, n'kuipezera lole, kenaka n'kudziitananso yokha kuti itenge yotsatira. Oda ikasowa malo inkabwezedwa kumapeto kwa mzere. Tsiku limenelo munthu wina anaitanitsa simenti yoti singakwane mu lole iliyonse ya Che Saidi, ndiye odayo inkangozungulira ngati minibasi yosowa anthu. Kuzimitsa kompyuta sikunkathandiza, chifukwa ikayaka inkayambira pomwepo. Ndinalemba mizere yochepa yoti oda yaikulu izigawidwa m'malole angapo, ndipo ndinadziona ngati katswiri.

Chinatsala n'kumanga pulogalamuyo kuti ndiwatumizire. Chida chomangira chimatchedwa stack. Chimasonkhanitsa khodi yako pamodzi ndi malaibulale, amene ndi khodi yolembedwa kale ndi anthu ena, ndipo laibulale ikasowa chimakaitenga pa intaneti. Pa laputopu yanga pankasowa laibulale imodzi imene a Chikopa anawonjezera mlungu womwewo. Ndinalamula kuti chimange. Chinadikira, n'kudikira, kenaka chinalemba mofiira kuti chalephera kulumikizana ndi seva, kompyuta yakutali yosunga malaibulalewo. Ndinayesanso, zomwezo.

Intaneti sindinaikayikire ngakhale pang'ono. Foni yanga inali pa rauta yomweyo, ndipo mauthenga a kumaliro ankangolowa, zithunzi za Che Saidi zoonetsa malole ataima nazonso zinkafika bwinobwino. Ndinazimitsa rauta n'kuyatsanso. Ndinayang'ana ngati pali pulokise yotsekereza njira, ndinasintha DNS imene imalozera kompyuta kumene kuli seva, osaphula kanthu. Ndinafunsa pa gulu lathu la olemba mapulogalamu, ndipo alangizi anatuluka ngati ngumbi. Wina amene ankamveka wodziwa kwambiri anati ndifufute foda yonse imene stack imasungamo malaibulale, ndiyambirenso.

Ndinalemba lamulo lofufutalo, chala chili pa batani. Ndinkachita mantha, osati pang'ono. Chimene chinandigwira dzanja ndi mawu otopetsa aja a abwana. Fodayo inali bwino dzulo, ndipo palibe anaikhudza. Nanga chasintha kunja n'chiyani? Ndinatsekula tsamba wamba la nkhani, losakhudzana ndi ntchito. Silinatseguke. Ndinayesa lina, zii. Koma nthawi yomweyo foni inalira ndi uthenga wina.

Intaneti yodutsitsa mauthenga okha ndinkaidziwa bwino, ndi imene tinkakhalira tili pasukulu. Ndinazula simu khadi mu rauta, n'kuiika mu foni yanga, n'kufunsa zotsala. Inali bando ya macheza, yotchipa ija yongotumizirana mauthenga ndi zithunzi. Ndikanafufuta foda ija, ndikanatsala wopanda laibulale ngakhale imodzi, ndipo kuzitenganso zonse kukanadya tsiku lathunthu. Ndinaganiza zogwiritsa ntchito foni yanga, koma nanenso bando yanga inali ya macheza yomweyo.

Ndikutuluka kuti ndithamangire kwa ejenti kukagula bando ina, galimoto inaima pageti. Che Saidi anatsika atavala kale mkanjo woyera wa Lachisanu, nkhope ili gwa. Ndinawafotokozera zonse mosabisa.

"Ndiye malole anga onse aja aima chifukwa cha bando?"

"Kukonza ndakonza kale, bambo. Chatsala ndi bando basi."

Anatulutsa foni yawo m'thumba. "Kokani pamenepa. Fulumirani."

Ndinalumikiza laputopu ku foni yawo. Mizere inayamba kutsika, laibulale inalowa, pulogalamu inamangika. Ndinaiyesa ndi oda ya simenti ija, inaigawa bwinobwino, ndipo ndinaitumiza ku Limbe. Posakhalitsa kalaliki wawo anaimba kuti madalaivala ayamba kupakira. Ndinangokhala pampando n'kupuma. Che Saidi anatenga foni yawo, n'kufunsa njira ya kumudzi kwa a Chikopa kuti akapepese maliro akatuluka mu mzikiti.

Kuyambira tsiku limenelo, chida chikati netiweki yakana, ndimayamba ndatsekula tsamba wamba ndisanakhudze china chilichonse, ndipo malaibulale onse ndimawasunganso pa fulashi. Ndimaphunzitsa zomwezo aliyense wondipeza pantchito.

A Chikopa atabwerako ndinkafunitsitsa kuwaseka, katswiri wathunthu kugula bando ya ana asukulu. Nditawauza, anavula magalasi n'kupukuta m'maso.

"Ndinali ndikugulira achibale bando imeneyo kuti uthenga wa maliro a mayi ufike," anatero. "Chala chinangozolowera."

Zowaseka zija ndinazisiya. Ndinawapatsa tiyi, n'kuwauza kuti malole onse anatuluka nthawi yake.