Khonde la m'galaja

Ndikawakumbukira agogo anga, chimene chimandifikira m'mphuno ndi fungo la mafuta a galimoto losakanikirana ndi la mtedza wokazinga, ndipo m'makutu ndimamva chitseko cha galaja chikukwera pang'onopang'ono m'mawa. Tinafika limodzi ku Bowie, kutsidya la nyanja, kwa amalume, ine ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, nditangochoka pasukulu ya kumudzi. Nyumbayo inali yokongola koma inalibe khonde. Amalume anawapatsa agogo chipinda chapansi, ku besimenti, cha bafa lakelake.

"Amayi, muno palibe wokusokonezani," anatero amalume monyadira.

Agogo anayang'ana kawindo kamene kankaonetsa mapazi okha a anthu odutsa. "Kodi ndadwala chiyani kuti mundibise?"

Motero galaja ija inasanduka khonde lawo. Amalume akatulutsa galimoto, agogo ankayala mkeka, n'kukhala pansi atatambalala, lichero lili pamiyendo, masamba a maungu akuuma pachitenje panja, ndipo aliyense wodutsa, ngakhale mzungu wothamanga ndi galu, ankamupatsa moni wa Chichewa. Azimayi a kutchalitchi, akaweruka kosamalira odwala, ankaima osaimba foni. Mayi Tembo a ku Zambia ankakuwa ali m'galimoto kufunsa mtedza: "Ambuya, mwatisungilako nshawa?"

Kenako inabwera kalata ya bungwe la eni nyumba za m'deralo: galaja izikhala yotseka, ndipo panja pasayanikidwe kanthu. Amalume anandipatsira ine. "Ukawawerengere ndiwe. Iwe amakumvera."

Ndinkafunitsitsa kuti amalume asamandione ngati mtolo. Ndinamasulira mawu aliwonse mosamala ngati mayeso, osafewetsa ndi pang'ono pomwe. Agogo anamvetsera mpaka kumapeto, n'kupinda chitenje chawo.

"Tseka, mwana wanga. Asakukalipire chifukwa cha ine."

Ndinadina batani lotsekera galaja ndine.

Azimayi aja anayamba kuimba foni kaye asanabwere, kenako ankangoimba basi. Agogo anasiya kukwera masitepe. Itatha nyengo yachiwiri yozizira anapempha kubwerera kumudzi, ndipo sindinawaonenso.

Lero ine ndi amuna anga tikukonza zomanga nyumba yathu, yoti amayi anga adzakhalemo nafe. Wojambula mapulani anawaikira chipinda chapansi, cha khomo lakumbuyo, kuti aliyense azikhala payekha. Ine sindinazolowere kutsutsa anthu ophunzira, komabe ndinamuuza kuti chitseko chodzitsekera amayi akhale nacho ndithu, koma chipindacho chikwere, chiyang'ane kumsewu, chikhale ndi khonde lokwana mkeka ndi mipando itatu.

Anamwetulira mwaulemu. "Kuno anthu sakhala kutsogolo kwa nyumba."

Ndikudziwa. Ndinamupempha kuti alijambulebe, ngakhale sindikudziwa ngati padzapezeke woyankha moni wa amayi.