Lilime Langa Linapuma Ntchito

Ine ntchito ndagwira ziwiri pa dziko lino. Yoyamba inali yothyola tiyi ku esiteti, dengu kumsana, mame m'miyendo, kuyambira ndili mtsikana mpaka msana unakana. Yachiwiri inali yolawa kachasu. Musaseke, inali ntchito ndithu!

Anzanga ena, mayi amene tinkathyola nawo mzere umodzi, ankatcheza kachasu kuseri kwa nyumba yawo, m'mudzi mwathu kunsi kwa esiteti. Manja anali nawo. Madeya ndi shuga ankadziwa kusakaniza, moto ankadziwa kusonkha, koma lilime analibe. Kuti adziwe pamene mowa waukali wathera ndi pamene madzi ayambira, ankaitana ine. Ankathira m'kachitsekero ka botolo, ine n'kuika pa lilime, n'kugamula kuti, "Uwu ndiye mowa," kapena, "Iyi ndi misozi ya mwana, chotsani."

Koma kachitsekero kankaitana kapu, kapu n'kuitana botolo, botolo n'kundigoneka m'ngalande. Mwana wanga wamkazi anatopa nazo, ananyamula adzukulu anga n'kupita nawo ku Limbe. Kenako miyendo inatupa, maso anachita chikasu, anthu anandikweza minibasi mpaka ku chipatala cha pa boma. Adokotala anati, "Anganga, chiwindi chanu chatopa. Mukalawanso, musavutike kubwera kuno."

Pa bedi loyandikana nalo panali mayi wodwala amene anzake a kutchalitchi ankabwera kudzamuimbira. Ine ndinkangoyang'ana khoma. Tsiku lina pakamwa panga panayamba pokha kuvomera nyimbo yawo, misozi chuchuchu. Ndinati, Yesu, ine sindidziwa kupemphera, koma ngati mukufuna lilime ili, tengani, lawani inu. Anatenga! Aleluya, anatenga!

Koma za kubwerera kumudzi palibe anandiuza. Panjira yobwera kwanga panamera udzu. Amene ndinkamwa nawo ankandilambalala ngati ndili ndi mphere. Amayi a kutchalitchi, Mulungu awadalitse, Lamlungu ankandipatsa moni ndi manja awiri, koma khomo langa sankalidziwa, ndipo ndikakhala pa benchi ankasendeza zikwama zawo. Ndinkaphika ndekha, kudya ndekha, kutsuka mbale imodzi, mbale imodzi yokhayokhayo.

Munthu mmodzi yekha sanasiye kubwera, anzanga otcheza kachasu aja. Ankafika ndi chinangwa kapena kalongonda m'kambale, n'kukhala pakhonde, n'kumandiuza amene wathawidwa ndi mwamuna ndi amene wakangana ndi akapitawo kusikelo yoyezera tiyi. Chilomwe cha amayi anga ndinkachiyankhula ndi iwo okha. Akachoka, chinkachoka nawo.

M'mawa wina kunagwa chiperoni, mvula yowaza ija yobisa minda ya tiyi mpaka munthu osaona ngakhale mitengo ya bulugama. Ndinawaona anzanga aja akutuluka m'nkhungumo, dzanja limodzi lili m'kati mwa chitenje. Asanakhale n'komwe, mphuno zanga zinali zitamva kale.

"Achemwali, anthu andithawa," anatero. "Akuti mowa wanga wasanduka tiyi wa kuchipatala."

"Gulitsani ngati tiyi, muike ndi zitumbuwa."

"Musandiseke, inu. Chichokereni inu, ndikungotcheza ngati wakhungu." Anatulutsa botolo, anathira m'kachitsekero, n'kundilozetsa. "Sindikuti mumwe ayi. Ingonyowetsani nsonga ya lilime, mulavule. Yesu wanu angakwiyire dontho?"

"Yesu sakwiya. Koma dontholo lili ndi abale ake ambiri."

"Ndani anakusambitsani mutagwa m'matope? Amayi anu a mabaibulo aja?"

Anali anzangawa ndithu. Anandisambitsa, anandiveka chitenje chawo, ndipo sanauze munthu.

Fungo linalowa m'mutu. Malovu anadzaza m'kamwa. Ndinadziwa bwinobwino kuti ndikalawa, dzuwa lidzalowa ndili kuseri kwa nyumba yawo ndi kapu m'manja. Ndinadziwanso kuti ndikakana, pakhonde panga sipadzakhalanso munthu. Zonse ziwiri ndinkaziona poyera.

Ndinakhalira manja anga, kuwapanikiza ndi ntchafu kuti asapite okha. Ndinatsinzina. Mawu a pemphero anathawa onse, ndiye ndinangoyamba kuimba zimene zinabwera. Gwirani, Ambuye, gwirani. Gwirani pakamwa pa nkhalamba. Gwirani lero, za mawa tidzakambirana. Ndinabwereza, ndinabwereza, mawu akugwedera ngati mbuzi yonyowa.

"Ee, mwayamba tchalitchi pakhonde?" anatero. "Dzanja langa latopa, achemwali."

Sindinasiye. Ndinaimba mpaka malovu anauma, mpaka chifuwa chinatsika pansi n'kukhala phee, ngati mwana amene wakhuta bere. Nditatsegula maso, anali atamwa okha kachitsekero kaja, nkhope atakwinya.

"Madzi," anatero. "Ngakhale ine ndamva."

Tinaseka pang'ono, kuseka kopanda mafuta. Anabweza botolo m'chitenje, anadzuka akudzigwira mawondo.

"Khalani ndi mtima wanu woyerawo."

"Mubwere mawa, ndiphika mbatata."

"Tiona."

Sanabwere. Mbatatayo ndinadya m'mawa, masana, ina ndinapatsa nkhuku.

Masiku ano timakumana ku msika wa Luchenza. Iwo amakuwa ali patali, "Abusa, mwadzuka?" Ine ndimati, "Ndadzuka, abwana a kampani!" Timaombana m'manja, aliyense n'kulowera kwake. Mowa wawo akuti anapeza wina wolawa, mayi wachitsikana wa kumalaini, kunyumba za antchito a esiteti. Ameneyo ndimamupempherera kwambiri.

Mwana wanga amaimba foni, amati adzabwera nawo adzukulu sukulu akatsekera. Sanabwerebe, koma foni amaimba, kale sankaimba.

Nyumba ino ili zii, sindinama. Tsiku lina limatha osatsegula pakamwa kwa munthu. Ndiye ndimasesa ndikuimba, ndimatunga madzi ndikuimba, ndimauza Ambuye nkhani zonse za m'mudzi m'Chilomwe, za akapitawo ndi za maukwati omwe. Sayankha ngati mmene ankayankhira anzanga aja, saseka mokweza, sabweretsa chinangwa. Koma ndikadzuka m'mawa manja anga sanjenjemera, ndipo ndimadziwa pamene ndagona.